Funsani Ankolo: za minofu, makirampu ndi ntchafu yomwe sikuchira

Moni nonse awerengi. Mwezi uno mauthenga ambiri omwe mwanditumizira ndi okhudza thupi la munthu wosewera, ena a mpira wamiyendo, ena a ntchemberembaye, ena angoyamba kumene jimu nde akufuna akatumba atuluke msanga. Ndasankhapo omwe ndaona kuti mayankho ake athandiza anthu ambiri, mayina ndachotsa ngati mwa nthawi zonse.

Funso: Ankolo, sabata yatha tinakakwera phiri la Mulanje ndi anzanga akutchalitchi, tinayambira pa Likhubula mpaka ku Chambe. Pokwera ndinatopa inde koma zinali bho, tsiku lotsika ndinafika kunyumba ndili bwinobwino. Koma patadutsa masiku awiri ntchafu zakutsogoloku zinawawa moti pokhala pampando ndimachita kugwirira khoma. Mnzanga akuti ndi lactic acid waunjikana m'miyendo. Zoona? Mtsikana wa ku Chilomoni.

Yankho: Mwana wanga, mnzakoyo akungobwereza zomwe ambirife tinauzidwa kalekale, koma sizili choncho. Lactic acid amachuluka m'magazi nthawi yomwe ukugwira ntchito yamphamvu, ukangopuma thupi limamuchotsa pasanathe ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, nde sangakhale iyeyo wokuwawitsa patapita masiku awiri. Chakuwawitsa ndi kutsika phiri kuja, osati kukwera.

Ndiyambe ndakuuza mmene mnofu umagwirira ntchito poti zithandizanso pa mafunso enawa. Thupi lathu lili ndi minofu yoposa 600 yomwe imayendetsa mafupa, ndipo mnofu uliwonse umadziwa chinthu chimodzi basi, kukoka. Sukankha ayi. Nchifukwa chake imakhala iwiriiwiri, wina uku wina uko, katumba wakutsogolo kwa mkono uja amamuti biceps akakoka chigongono chimapindika, mnzake wakumbuyo triceps akakoka mkono umawongoka. Mkati mwa mnofu muli timaulusi tambirimbiri, ndipo mkati mwa kaulusi kalikonse muli tizingwe tamitundu iwiri, actin ndi myosin. Unaonapo asodzi kunyanja akukoka khoka? Amagwira chingwe, kukoka, kusiya, kugwiranso patsogolo, kukokanso, onse pamodzi. Myosin amachita chimodzimodzi pa actin, nde mnofu wonse umafupika. Asayansi a ku Britain ndi omwe anafotokoza zimenezi mu 1954. Uthenga woti yambani kukoka umachokera ku ubongo kudzera m'mitsempha, ukafika pamnofu mumatuluka calcium, ntchito nkuyambika.

Tsono pokwera phiri minofu inayi yakutsogolo kwa ntchafu, ma quadriceps, imakoka uku ikufupika, imeneyo ndi ntchito yotopetsa koma siononga kwenikweni. Potsika imagwira ntchito ya mabuleki, imakoka uku ikutalika kuti bondo lisangopindika nkugwa chafufumimba. Zili ngati kutsitsa ndowa yodzadza m'chitsime pang'onopang'ono, chingwe chikukuthawa m'manja iwe ukuchigwira. Kukoka kotereku kumasiya timabala ting'onoting'ono kwambiri m'timaulusi tija, thupi limatumizako magazi ndi asilikali ake kukakonza, pamatupa pang'ono, nde ululu umafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72. Ndi nthawi yomweyo yomwe iwe umagwirira khoma.

Chosangalatsa nchoti mnofu umaphunzira. Ukabwererako pakatha masabata angapo ululu sudzafika pamenepaja, nchifukwa chake anyamata onyamula katundu wa alendo m'phirimo, omwe amathamanga mpikisano wa Porters Race, amatsika mothamanga malo omwe iwe umatsika chokhala. Panopa ungoyendayenda pang'ono, usagone tsiku lonse, pakatha masiku asanu kapena sabata zidzakhala zatha. Koma chimodzi ichi usachiiwale, ukadzaona kuti pambuyo pa ntchito yowawa chonchi mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, miyendo yatupa kwambiri komanso ilibe mphamvu, thamangira kuchipatala tsiku lomwelo, pamenepo mnofu waonongeka kwambiri ndipo zomwe ukutayira m'magazi zimatha kupha impso.

Funso: Ankolo ndithandizeni. Ndili ndi zaka 23, ndimamenya kuwing'i mu timu yam'dera mwathu muno. Chaka chino kumbuyo kwa ntchafu yakumanja kwandikoka katatu, nthawi zonse ndikamathamangira bola yaitali ndimangomva ngati wina wandigenda ndi mwala kumbuyoku. Mayi amandithowa ndi madzi otentha, anzanga amandisisita ndi mankhwala otentha aja, pakatha sabata ndimabwerera mu gemu poti kochi alibe wina wothamanga. Agogo akuti andipezere munthu wonditemera mphini. Nditani? Mnyamata wa ku Ndirande.

Yankho: Mphwanga, uthenga wakowu wandikhudza kwambiri chifukwa ndaonapo mnyamata wina kwathu, waliwiro loti aliyense amanena kuti ameneyu adzafika patali, anasiya mpira asanakwanitse zaka 25 chifukwa cha chinthu chomwechi, kubwerera m'bwalo msanga mobwerezabwereza mpaka ntchafu inangokhala ya zipsera zokhazokha. Nde ndikuyankha motalikirapo, upirire.

Omwe akukukokawo ndi ma hamstring, minofu itatu yomwe imachokera pafupa lomwe timakhalira lija kunsi kwa thako nkukathera kunsi kwa bondo. Poti imadutsa malo awiri opindika, chiuno ndi bondo, imakokedwa mbali zonse ziwiri. Ukamathamanga liwiro lako lonse, mwendo umaponyedwa kutsogolo mwamphamvu, nde kanthawi kochepa phazi lisanagunde pansi ma hamstring amayenera kuugwira mwendowo kuti usapitirire, amakhala atatalika kwambiri uku akukoka mwamphamvu zedi. Pamenepo ndi pomwe amang'ambika, ndipo mwala omwe umamva uja ndi timaulusi tikuduka. Pa kuvulala konse kwa minofu mu mpira wamiyendo kumeneku ndi komwe kumachuluka, olo ku matimu akuluakulu a ku Ulaya komwe kuli madokotala ndi makina onse, ndipo kumadziwikanso ndi khalidwe lobwereza makamaka masabata oyambirira munthu akangobwerera m'bwalo.

Vuto lako lagona apa, ululu umatha msanga kuposa bala. Pakatha sabata ukuyenda bwinobwino, ukudzimva kuti wachira, pomwe mkatimo thupi langomata pong'ambikapo ndi chipsera chanthete chomwe sichinalimbe komanso sichitamuka ngati mnofu weniweni. Ukangoti uthamangire bola yaitali ija chimang'ambika pomwepo kapena pambali pake. Kung'ambika kochepa kumafuna masabata awiri kapena atatu, kwakukulu kumatha kutenga miyezi, nde iwe pakachitatu aka usaganize za sabata imodzi ayi.

Za kuthowa, mayi akuchita mwachikondi ndipo uwathokoze, koma uwafotokozere mwaulemu kuti masiku awiri kapena atatu oyambirira moto sufunika. Mkatimo mukutuluka magazi, madzi otentha, kusisita mwamphamvu ngakhalenso mowa zimangowonjezera kutupa. Masiku amenewo ika ayisi wokulunga m'kansalu mphindi 15 kapena 20 kangapo patsiku, ngati ayisi palibe olo mafiriziseni ouma aja agwira ntchito, manga bandeji yotamuka osathinitsa, ugoneke mwendo pamwamba pa pilo. Kuthowa kubwere pambuyo. Mphini nazo sizifika komwe kuli bala, zimathera pakhungu pomwe mnofu wong'ambikawo uli mkati, ndipo lumo limatha kukubweretsera matenda ena omwe unalibe. Agogo uwauze kuti ukupita kaye kuchipatala, adzamva.

Zoonadi upite, chifukwa kachitatu si masewera. Zipatala zazikulu ngati Queen Elizabeth ku Blantyre komweko zili ndi gawo la mafizo, akakuyeza nkukupatsa ndondomeko. Ndipo ngati tsiku lina udzamve kuphulika, ntchafu nkuda ndi magazi ogwera mkati, kuyenda nkukanika, usadzadikire nkomwe chifukwa nthawi zina mnofu umachita kuzuka pafupa.

Ukayamba kupeza bwino ntchito yeniyeni ndi kulimbitsa, osati kungowongola. Pali masewero ena amawati Nordic, safuna chitsulo kapena ndalama. Umagwada pa udzu kapena pamphasa, mnzako nkukugwira akakolo mwamphamvu, iwe thupi lili chilili kuchokera m'maondo mpaka kumutu, nde umayamba kugwera kutsogolo pang'onopang'ono ukudzigwira ndi kumbuyo kwa ntchafu mpaka pomwe walephera, nkutera ndi manja. Ukuphunzitsa mnofu ntchito yomwe ija imaupweteka, kukoka uku ukutalika. Ku Denmark anayesa zimenezi pa osewera mpira oposa 900, zotsatira zinatuluka mu 2011, matimu omwe ankachita Nordic kuvulala kwa hamstring kunatsika kuposa theka, ndipo omwe anapindula kwambiri ndi anthu ngati iweyo omwe anavulalapo kale. Uyambe ndi pang'ono, kasanu kawiri basi sabata yoyamba, chifukwa amawawitsa. Masewero amenewa alinso mu ndondomeko yotenthetsa thupi ya FIFA 11+ yomwe imatenga mphindi 20 zokha, muwapemphe akochi anu aiyang'ane pa intaneti, ndi yaulere.

Usanabwerere mu gemu udziyese wekha pa tirening'i, thamanga theka la liwiro lako, tsiku lina onjezera, mpaka uthamange liwiro lonse kangapo popanda kumva kalikonse komanso popanda mantha. Akochi akakukakamiza uwauze kuti bola akusowe magemu anayi kusiyana nkukusowa sizoni yonse, kochi wanzeru amva zimenezo.

Funso: Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale ndipo ndimaphunzitsanso atsikana mpira. Ana amandifunsa kuti kodi liwiro la Temwa Chawinga ndi lobadwa nalo kapena lochita kuphunzira, ine ndimasowa choyankha. Mayi wa ku Rumphi.

Yankho: Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha ntchito yomwe mukugwira ndi atsikanawo. Yankho ndi zonse ziwiri, ndipo kuti ana amve bwino mudzawafunse za nkhuku. Akamadya nkhuku yachikuda, bwanji nyama ya pachifuwa imakhala yoyera pomwe ya m'miyendo imakhala yoderako? Miyendo imayenda tsiku lonse kufukula, nde ili ndi timaulusi tochedwa kukoka koma tosatopa msanga, tili ndi magazi ambiri komanso myoglobin yemwe amasunga okosijeni, nchifukwa chake nyamayo ndi yakuda. Pachifuwa pali minofu ya mapiko yomwe nkhuku imaigwiritsa ntchito kamphindi kochepa pothawa galu, pha pha pha yatera padenga yatopa, timaulusi take ndi tofulumira, tamphamvu, koma totha mpweya msanga.

Munthu ali ndi mitundu yonse iwiri mosakanikirana mu mnofu uliwonse, ambirife pafupifupi theka theka, koma ena amabadwa ndi tofulumira tambiri ena tosatopa tambiri. Usain Bolt pothamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009 ankadalira tofulumira, ndipo mafuta ake anali creatine phosphate yemwe amakhala kale mu mnofu koma amatha m'masekondi pafupifupi 10. Eliud Kipchoge wa ku Kenya pomaliza makilomita 42 mu ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40 ku Vienna mu 2019 ankadalira tosatopa tija, tomwe timawotcha shuga ndi mafuta pogwiritsa ntchito okosijeni. Mutawasinthanitsa mipikisano anthu awiriwa palibe angapambane. Wosewera mpira nde amafuna zonse, athamange mphindi 90 koma akhalenso ndi liwiro lomuthawira difenda pa mphindi ya 85.

Temwa mphatso anabadwa nayo, zimenezo nzoonekeratu poti ndi mkulu wake Tabitha yemwe ali choncho, koma mphatso yokha sikanamupatsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ndi Kansas City Current mpaka kusankhidwa wosewera wopambana onse. Liwiro limakula munthu akamaliphunzitsa, ubongo umazolowera kudzutsa timaulusi tambiri nthawi imodzi, minofu ya m'matako ndi kumbuyo kwa ntchafu imalimba, kaponyedwe ka miyendo kamakonzeka. Nde atsikana anuwo musamangowazungulitsa bwalo kakhumi, kumeneko kumamanga kupirira kokha. Muziwapatsanso mamita 20 kapena 30 a liwiro lonse akadali ndi mphamvu kumayambiriro kwa tirening'i, apume mokwanira, abwerezenso. Komanso musamuchotse mwana msanga poti lero ndi wochedwa, matupi a ana amasintha kwambiri akamakula.

Muwaonetsenso chigoli cha Gabadinho Mhango chomwe anagoletsa Morocco ku AFCON ya ku Cameroon mu January 2022, chakutali chija. Aone kuti shoti yotere sichokera kuphazi, imayambira pa mwendo woponda pansi, chiuno nkuzungulira, minofu ya pamimba nkugwira thupi, ntchafu nkuponyedwa, bondo nkumalizitsa ngati chikwapu.

Funso: Ankolo bwanji makirampu amandigwira m'katumba gemu ikamatha, makamaka kukatentha? Ena akuti ndizidya nthochi ena akuti mchere. Wosewera wa ku Nchalo.

Yankho: Achimwene, kirampu ndi mnofu omwe wakoka wokha nkukana kumasuka. Chachikulu chomwe chimayambitsa ndi kutopa, mnofu ukagwira ntchito yoposa yomwe unazolowera uthenga wa m'mitsempha woti koka ndi woti masuka umasokonekera, nchifukwa chake amakugwirani chakumapeto osati mphindi 10 zoyamba, ndipo amakonda kumayambiriro kwa sizoni anthu asanalimbe. Kutentha kwa ku Chigwa cha Shire nako kumawonjezera, mumatopa msanga komanso mumataya madzi ndi mchere wambiri m'thukuta, ngati jezi yanu ikauma imakhala ndi mizere yoyera dziwani kuti ndinu mmodzi wa otaya mchere wambiri.

Akakugwirani gonani chagada, wongolani bondo, mnzanu akankhire zala zakuphazi chakumutu kwanu agwire choncho mpaka amasuke, osamenya kapena kutsina. Kupewa kwake ndi tirening'i yofanana ndi gemu yeniyeni, kumwa madzi kuyambira mmawa osati kudikira pa hafu, ndipo tsiku lotentha kwambiri madzi a ORS amathandiza kubwezera mchere. Nthochi idyani ndithu ndi chakudya chabwino, imapatsa mphamvu, koma payokha sithetsa makirampu. Mowa wa usiku woti mawa kuli gemu nawo usiyeni. Koma katumba wa mwendo umodzi akatupa, kutentha ndi kuwawa musanasewere nkomwe, ameneyo si kirampu, kukhoza kukhala kuundana kwa magazi mumtsempha, pitani kuchipatala osamusisita.

Funso: Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3 ndipo amakonda ntchemberembaye kwambiri. Mnzake wina anavulala bondo potera, akuti mtsempha wamkati unaduka, mpaka pano sakusewera. Ndili ndi mantha, ndimuletse? Bambo wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Bambo, mantha anu ndi omveka koma chonde musamuletse, m'malo mwake mumuthandize kulimbitsa miyendo. Chomwe chinaduka kwa mnzakeyo mwina ndi ACL, kachingwe kolimba komwe kali mkati mwa bondo kolumikiza fupa la ntchafu ndi la kunsi. Pa Chichewa zonse timangoti mtsempha nde zimasokoneza, koma pali kusiyana, pali zingwe zolumikiza mnofu ku fupa ngati chija chachikulu cha kumbuyo kwa chidendene, palinso zolumikiza fupa ku fupa ngati ACL. Imeneyi si mnofu, simungailimbitse ndi chitsulo mmene mumalimbitsira katumba, koma alonda ake ndi minofu yoizungulira.

Ntchemberembaye ndi yovuta pa maondo chifukwa cha lamulo la mapazi lija, munthu akuthamanga, wadumpha, wawakha, nde akuyenera kuima nji pomwepo, kawirikawiri pa simenti. Akatera ndi mwendo umodzi bondo lili lowongoka kenako nkugwera mkati, ACL imasenza katundu yense yokha. Atsikana zimawachitikira kwambiri kuposa anyamata. Zinamuchitikira ngakhale Mwawi Kumwenda mu 2018 akusewera Melbourne Vixens ku Australia, anachitidwa opaleshoni nakhala miyezi yambiri kunja kwa bwalo, koma anabwerera ndipo mu 2020 timu yake itatenga ligi iyeyo ndi amene anasankhidwa wosewera bwino pa fainolo. Kungoti thandizo lomwe analandira kumeneko ana athu ambiri kuno sangalipeze mophweka, nde kwa ife kupewa ndi komwe kuli kofunika koposa.

Mumuimike pa sitepe yakhonde adumphire pansi inu mukumuyang'ana kutsogolo. Maondo akamagundana kapena kugwera mkati potera, ntchito ilipo. Aphunzire kutera mofewa mopanda phokoso, maondo opindika ataloza komwe kwaloza zala, matako atabwerera kumbuyo ngati akufuna kukhala pampando. Aziima ndi mwendo umodzi akuponyerana mpira ndi mnzake, azichita masikwati, azigona chagada nkumakweza chiuno kuti matako alimbe poti minofu ya m'matako ndi yomwe imaletsa bondo kugwera mkati, ndi Nordic uja ndafotokoza pamwambapa. Mphindi 15 asanayambe kusewera, kawiri kapena katatu pa sabata. Ngati mungathe mukalankhulenso ndi aphunzitsi amasewero kuti timu yonse izichitira limodzi, komanso nsapato ikhale yogwira pansi bwino osati yotha kunsi.

Funso: Ankolo ndayamba kunyamula zitsulo miyezi itatu yapitayo, tsiku lililonse chifuwa ndi mikono, koma sindikukula. Ndimalemera makilo 60. Ufa wa protein uja ndi wodula sindingakwanitse, nde wina ku jimu akuti ali ndi jakisoni woti mwezi umodzi ndisintha. Ndibayitse? Mnyamata wa ku Mzuzu.

Yankho: Ayi mphwanga, usabayitse, ndikukupempha. Jakisoni ameneyo mosakayika ndi ma steroid, mankhwala otengera testosterone, mchere wa m'thupi womwe umapangitsa thupi kukhala lachimuna. Minofu imakuladi, sindikunamiza, koma thupi likaona kuti testosterone akubwera kuchokera kunja limasiya kupanga wake, machende amafota, umuna umachepa mpaka ena amavutika kubereka, mabere amatha kumera, BP imakwera, mtima omwenso ndi mnofu umakula molakwika, chiwindi chimavutika. Onjezerapo kuti sukudziwa chomwe chili m'botolomo, ndipo singano yobwerekana imafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi. Ukadzafuna kupikisana nawo, mankhwalawa ndi oletsedwa ndi WADA, bungwe lapadziko lonse lolimbana ndi mankhwala obera pa masewero.

Chomwe chikukulepheretsa ndi china. Mnofu sukula uli ku jimu, kumeneko umangoupatsa chifukwa, umakula ukamapuma ndi kugona. Iwe ukumenya chifuwa tsiku ndi tsiku, nde ukonzedwa nthawi yanji? Gulu limodzi la minofu ulipatse masiku awiri lisanagwirenso ntchito yolemera, ugone maola 7 mpaka 9, ndipo kulemera kwa chitsulo kapena kuchuluka kwa maulendo kuzikwera pang'onopang'ono, uzilemba m'kope. Miyendo ndi msana usazisiye, mnofu waukulu kuposa yonse m'thupi uli m'matako osati pamkono, ndipo munthu wa chifuwa chachikulu pa miyendo yowonda alibe mphamvu yeniyeni ya masewero.

Kumbali ya chakudya, wofuna kumanga minofu amafunika magalamu pafupifupi 1.6 a protein pa kilo iliyonse ya thupi lake patsiku, kwa iwe ndi chapafupi magalamu 100. Ufa wodula uja si wokakamiza. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, soya pieces wouma pafupifupi theka la kulemera kwake ndi protein, usipa wouma nawo ndi wodzadza nayo, mtedza uli ndi magalamu ngati 25 pa 100 aliwonse, nyemba ndi nandolo zilinso bwino, chambiko ngati chikupezeka. Uzigawe pa chakudya cha mmawa, masana ndi madzulo osati kuunjika kamodzi. Nsima, mbatata kapena kondowole usazithawe, ndi zomwe zimadzadza shuga wosungidwa mu mnofu yemwe umanyamulira zitsulozo, ndipo munthu wowonda ngati iwe ngati sikelo sikusuntha ndiye kuti chakudya chonse chikuchepa. Miyezi itatu yoyamba nthawi zambiri mphamvu ndi yomwe imakwera kaye chifukwa ubongo ukuphunzira kuyendetsa minofu, thupi limayamba kuoneka pambuyo pake. Undilembenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Funso: Ndili ndi zaka 58, kale ndinkamenya mpira komanso kunyamula zitsulo, pano mimba yatuluka manja afota. Anthu amati minofu ukaisiya imasanduka mafuta. Kodi ndi zomwe zandichitikira, nanga pa msinkhu uno ndingayambirenso? Bambo wa ku Zomba.

Yankho: Akuluakulu, mnofu sungasanduke mafuta, ndi zinthu ziwiri zosiyana ngati nyama ndi mafuta a pa nyamayo. Chomwe chinachitika nchoti mutasiya masewero minofu inafota poti simaigwiritsa ntchito, koma mbale ya nsima inakhala yomweyo, nde chakudya chotsala thupi linasunga ngati mafuta. Ukalamba nawo umatengako, kuyambira zaka za m'ma 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono ndipo zikadutsa 60 zimafulumira, nkuona agogo ena amavutika kudzuka pamphasa.

Kuyambiranso nkotheka ndithu, mnofu umamva tirening'i olo munthu ali ndi zaka 80, ndipo inu omwe munalimbapo kale zimabwerera msanga kuposa woyamba kumene. A WHO amalangiza akuluakulu mphindi zosachepera 150 pa sabata za masewero ofulumizitsa mtima pang'ono ngati kuyenda ndawala, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Minofu ndi yomwenso imamwa shuga wambiri wa m'magazi, nde ikalimba imathandiza pa matenda a shuga. Musanayambe kayezetseni BP ndi shuga, ndipo ngati mumamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu wachilendo mukamakwera chitunda muwauze adokotala kaye. Akakulolani yambani ndi kudzuka pampando nkukhalanso osagwira ndi manja kakhumi, mapushapu otsamira khoma kakhumi, kunyamula zigubu za malita asanu dzanja lililonse nkuyenda nazo pabwalo, kenako kuyenda ndawala mphindi 20. Zitunda za ku Zomba kwanuko zikwanira, kungoti sabata zoyamba potsika muzitsika pang'onopang'ono.